Nthawi Yowongola Nsagwada za Mwana: Zimene Mafupa a M'khosi Amatiuza

Pa ulendo wopereka mankhwala a likodzo m'sukulu za m'mapiri a ku Ntchisi kapena ku Dowa, si zachilendo kukumana ndi mwana wa Sitandade 6 amene akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Mano ake akumwamba atuluka kwambiri, chibwano chabwerera m'mbuyo, ndipo akakhala chete milomo yake sikumana. Anzake anamupatsa kale dzina lomunyoza. Tsiku lina mayi ake amakupezani pa sikelo n'kufunsa kuti, "Alangizi, mwanayu tipite naye kuchipatala panopa, kapena tidikire ayambe wakula?"

Funsoli ndi lolemera kuposa mmene limamvekera. Banja la ku Malomo kapena ku Nthondo likaganiza zopita ku Lilongwe, ndiye kuti lagulitsa soya kapena mtedza, ndipo mwina ulendowo sudzachitikanso kachiwiri. Akapita nthawi isanakwane, adokotala akhoza kuwabweza kuti adzabwerenso pakatha chaka kapena zaka ziwiri. Akachedwa, nsagwada zimakhala zitasiya kukula, ndipo vuto limene likanatheka ndi kachipangizo kovala m'kamwa limasanduka nkhani yozula mano abwinobwino kapena ya opaleshoni. Ambiri a ife timayankha poyang'ana zaka za mwanayo. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake zaka zokha zimasocheretsa, makamaka kwa ana a kuno kwathu, ndiponso mmene madokotala owongola mano amagwiritsira ntchito mafupa atatu a m'khosi pofuna kudziwa pamene kukula kwa mwana kwafika.

Vuto lili m'mano kapena m'nsagwada?

Munthu ali ndi nsagwada ziwiri ndipo sizikula mofanana. Yakumwamba inalumikizana ndi chigaza, imakulira m'mizere imene mafupa a nkhope amakumana, ndipo imafulumira kumaliza mbali yaikulu ya kukula kwake. Yam'munsi ndi fupa loyenda palokha. Imakulira kwambiri kumapeto kwake, pamalo olumikizira a kutsogolo kwa khutu, pamene mumamva kugwedera mukaikapo chala n'kutsegula pakamwa. Nsagwada yam'munsiyi imatsatira thupi lonse: mwana akayamba kutalika mofulumira pa nthawi yotha msinkhu, nayonso imakula mofulumira, ndipo kwa anyamata imapitirizabe pang'onopang'ono mpaka kuyandikira zaka 20.

Mu 1899 dokotala wa mano wa ku America, Edward Angle, anagawa kakumanidwe ka mano m'magulu atatu amene akugwirabe ntchito mpaka lero. Mu Class I, mano akumbuyo akumwamba ndi am'munsi amakumana bwino, ngakhale ena akutsogolo atapanikizana kapena kupindika. Mu Class II, mano am'munsi amatsalira kumbuyo, kawirikawiri chifukwa choti nsagwada yam'munsi ndi yaifupi. Uyu ndiye mwana wathu wa Sitandade 6 uja. Mu Class III, mano am'munsi amakhala kutsogolo kwa akumwamba, mwina chifukwa choti nsagwada yakumwamba inakula moperewera kapena yam'munsi inakula mopitirira.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa mano ndi nsagwada sizimvera mofanana. Dzino lopindika likhoza kusunthidwa ndi mawaya pa msinkhu uliwonse, ngakhale munthu ali ndi zaka 40, malinga ngati nkhama ndi fupa logwira manowo zili bwino. Koma fupa la nsagwada limalola kuwongoleredwa pokhapokha ngati likukulabe.

Ena amati nkhani ya mano otuluka ndi ya maonekedwe chabe. Si choncho. Mwana akaluma mano, akumwamba amayenera kupitirira am'munsi ndi mamilimita 2 kapena 3. Kafukufuku wina wophatikiza zotsatira za m'mayiko angapo, wofalitsidwa mu 1999, anasonyeza kuti ana amene mpatawu ukuposa mamilimita 3 amakhala pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri chothyoka mano akutsogolo, ndipo chiopsezocho chimakwera mpata ukamakula. Mulingo wa IOTN, umene unakonzedwa ku Britain mu 1989, umaika mwana wa mpata woposa mamilimita 6 m'gulu la ofunika chithandizo, ndipo woposa mamilimita 9 m'gulu la ofunikitsitsa. Kwa mwana amene amatsetsereka ndi njinga m'misewu ya m'mapiri, kuthamangitsa mpira pa bwalo lamiyala ndi kukwera mitengo ya mango, dzino limene milomo sikulitchinga limakhala loyamba kugunda pansi.

Zaka zobadwa ndi zaka za mafupa

Mabuku ambiri a zachipatala amati atsikana amakula mofulumira kwambiri ali ndi zaka pafupifupi 12, anyamata ali ndi zaka pafupifupi 14. Manambalawa anachokera kwa ana a ku Ulaya ndi ku America, ndipo ngakhale kumeneko ana awiri obadwa mwezi umodzi akhoza kusiyana ndi zaka ziwiri kapena kuposa pa nthawi yotha msinkhu. N'chifukwa chake madokotala amasiyanitsa zaka zobadwa, zowerengedwa pa kalendala, ndi zaka za mafupa, zimene zimasonyeza pamene thupi lafika pa kukhwima.

Kuno ku Malawi kusiyanaku n'kwakukulu. Mu 2002 madokotala atatu a mafupa ogwira ntchito ku Blantyre, a Lewis, a Lavy ndi a Harrison, anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Journal of Bone and Joint Surgery. Anaona zithunzi za X-ray za ana ndi achinyamata 139 a ku Malawi n'kuziyerekeza ndi buku la zithunzi la Greulich ndi Pyle, limene linakonzedwa kuchokera kwa ana a ku America ndipo limagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Mwa 139 aja, 119 anali ndi mafupa otsalira m'mbuyo poyerekeza ndi zaka zawo zobadwa. Kutsalirako kunali pafupifupi miyezi 20, ndipo kwa wina kunafika miyezi 100. Ofufuzawo anati zifukwa zake zikuoneka kuti ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi ndi matenda obwerezabwereza monga malungo ndi kutsekula m'mimba.

Kafukufukuyu anachitika pa ana ofika kuchipatala, choncho sitingati mwana aliyense wa m'mudzi watsalira ndi miyezi 20. Komabe akugwirizana ndi zimene timaona pa sikelo. Kafukufuku wa dziko lonse wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti pa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Mwana amene anapinimbira ali wamng'ono kawirikawiri amachedwa kutha msinkhu, ndipo nsagwada yake nayonso imachedwa kufika pa nthawi yokula mofulumira. Mnyamata wa zaka 15 wa ku Mvera, amene buku lingamuweruze kuti wachedwa, akhoza kukhala kuti nthawi yake yabwino ikuyamba kumene. Mtsikana wa zaka 11 wa pa Mponela amene amadya bwino akhoza kukhala kuti nthawi yake yayamba kale kudutsa.

Pali vuto linanso: zaka zobadwazo sizidziwika bwino nthawi zonse. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, kotero ambiri amene akutha msinkhu panopa anabadwa lamulolo lisanayambe. Buku la kusikelo linatayika, linanyowa kapena linadyedwa ndi chiswe, ndipo chaka chimene chili m'kaundula wa kusukulu ndi chimene agogo anakumbukira tsiku lokalembetsa. Kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, mabanja ena anafika opanda chikalata chilichonse. Pamenepa m'pamene mafupa amathandiza.

Njira yoona mafupa a m'khosi

Kwa zaka zambiri madokotala ankajambula dzanja la mwana kuti adziwe kukhwima kwa mafupa ake. Izi zinkafuna X-ray yowonjezera. Koma dokotala wowongola mano asanayambe chithandizo cha nsagwada amajambula kale chithunzi cha mutu choonera m'mbali, chimene chimatchedwa lateral cephalogram, kuti ayeze kutalika ndi kakhalidwe ka nsagwada. Pa chithunzi chomwecho, kumbuyo kwa nsagwada yam'munsi, mafupa akumtunda a khosi amaoneka.

Khosi lili ndi mafupa 7 osanjikizana, amene amawerengedwa kuchokera kumwamba: C1 mpaka C7. Mu 1972 Don Lamparski wa ku University of Pittsburgh anasonyeza kuti maonekedwe a mafupawa amasintha mwadongosolo mwana akamakula. Mu 1995 Hassel ndi Farman anakonzanso njirayi kuti izigwiritsa ntchito C2, C3 ndi C4 okha. Kenako Tiziano Baccetti ndi Lorenzo Franchi a ku University of Florence, pamodzi ndi James McNamara wa ku University of Michigan, anayerekeza kusinthaku ndi kukula kwa nsagwada yam'munsi mwa ana amene ankajambulidwa chaka ndi chaka ku Michigan. Mu 2005 anafalitsa magawo 6 amene akugwiritsidwa ntchito kwambiri lero. Njirayi imadziwika ndi dzina lachidule loti CVM.

Wowerenga chithunzi amayang'ana zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi kunsi kwa fupa lililonse mwa atatuwo: kodi n'kosalala ngati thabwa, kapena kwakumbika kulowa m'kati ngati mbale yovundikira? Kukumbikaku kumayambira pa C2, kenako C3, pomaliza C4. Chachiwiri ndi maonekedwe a C3 ndi C4. Mwana akakhala wamng'ono, mafupawa amakhala aatali kumbuyo ndi aafupi kutsogolo, ngati kanyumba ka denga lotsetserekera mbali imodzi. Kenako amaoneka ngati njerwa yogoneka, pambuyo pake mbali zonse zinayi zimafanana, ndipo pomaliza amaoneka ngati njerwa yoimika.

Gawo CS1: kunsi kwa mafupa onse atatu n'kosalala, C3 ndi C4 ndi otsetsereka pamwamba. Nthawi yokula mofulumira idakali kutali, pafupifupi zaka 2 kapena kuposa.

Gawo CS2: kunsi kwa C2 kwakumbika, C3 ndi C4 akadali otsetsereka. Kwatsala pafupifupi chaka chimodzi.

Gawo CS3: C2 ndi C3 akumbika kunsi. C3 ndi C4 akhoza kukhala otsetsereka kapena ngati njerwa yogoneka. Kukula kofulumira kwambiri kwa nsagwada yam'munsi kuchitika m'chaka chikubwerachi.

Gawo CS4: onse atatu akumbika kunsi, C3 ndi C4 ali ngati njerwa yogoneka. Pachimake pa kukula padutsa, mwina chaka chimodzi kapena ziwiri zapitazo, koma nsagwada ikukulabe.

Gawo CS5: limodzi mwa C3 ndi C4, kapena onse awiri, lili ndi mbali zinayi zofanana. Kukula kwatsala kochepa.

Gawo CS6: limodzi mwa C3 ndi C4, kapena onse awiri, lili ngati njerwa yoimika. Papita zaka zosachepera 2 chidutsireni pachimake.

Mwachidule, CS1 ndi CS2 ndi nthawi ya mwana asanathe msinkhu, CS3 ndi CS4 ndi nthawi imene thupi likukula mofulumira, CS5 ndi CS6 ndi nthawi imene kukula kukutha.

Vuto lililonse lili ndi nyengo yake

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo pa mavuto ena a nsagwada mawuwa ndi oona ndithu. Mwana wa Class III amene nsagwada yake yakumwamba inatsalira amathandizidwa bwino akadali pa CS1 kapena CS2, pamene mizere yolumikiza mafupa a nkhope ikadali yofewa. Amavala chipangizo chogwira pachipumi ndi pachibwano chimene chimakoka nsagwada yakumwamba kubwera kutsogolo. N'chimodzimodzinso mwana amene nsagwada yake yakumwamba ndi yopapatiza: kuitambasula kumayenda bwino asanathe msinkhu. Ana amenewa safunika kudikira. Atumizeni mukangowaona, ngakhale ali ndi zaka 7 kapena 8.

Koma mlimi aliyense wa ku Dowa amadziwanso kuti chizimalupsa si mvula yodzalira. Wodzala ndi mvula imeneyo amadzadzalanso kachiwiri. Umu ndi mmene zilili ndi Class II. Zipangizo zokankhira nsagwada yam'munsi kutsogolo, monga Twin Block imene William Clark wa ku Scotland anakonza mu 1977, kapena Herbst imene imamatidwa ku mano, zimagwira bwino ntchito zikavalidwa pa nthawi imene nsagwada ikukula mofulumira, kuyambira pa CS3. Mu 2018 bungwe la Cochrane linaunikanso kafukufuku woyerekeza ana amene anayamba chithandizo ali aang'ono, n'kudzachipitiriza atakula, ndi ana amene anathandizidwa kamodzi kokha pa nthawi yotha msinkhu. Pamapeto pake mano a magulu awiriwa anakhala mofanana. Phindu limene oyamba msanga anapeza linali loti ochepa mwa iwo anathyoka mano akutsogolo. Choncho mwana wa mano otuluka kwambiri, amene milomo yake sikumana kapena amene akunyozedwa mpaka kujomba kusukulu, ayenera kuonedwa msanga. Koma kwa ambiri, chithandizo chimodzi cha pa nthawi yake chimakwanira, ndipo chimapulumutsa banja ku maulendo a zaka zingapo.

Tisawalonjeze makolo zambiri. Zipangizozi sizisandutsa nsagwada yaifupi kukhala yaitali. Zimawonjezera mamilimita ochepa, ndipo mbali ina ya kusinthako imabwera chifukwa cha kusuntha kwa mano. Komabe mamilimita ochepawo nthawi zambiri amakwanira kuti milomo ikumane ndipo mwana azitafuna bwino. Twin Block imayenera kuvalidwa pafupifupi tsiku lonse kwa miyezi yambiri, nthawi zina mpaka chaka, ndipo mwana amayenera kukaonedwa pakatha milungu ingapo. Banja lidziwe zimenezi lisanayambe, chifukwa chithandizo chosiyira panjira ndi ndalama zotayika.

Mwana akafika pa CS5 kapena CS6, zipangizo zija sizikhalanso ndi mphamvu pa fupa. Chotsala ndi kusuntha mano kuti abise vutolo, nthawi zina pozula mano awiri akumwamba, kapena opaleshoni ya nsagwada ngati vutolo n'lalikulu. Opaleshoniyo imafuna kuti kukula kukhale kutatheratu, chifukwa nsagwada ikapitiriza kukula imawononga zimene zakonzedwa.

Pamene njirayi imaperewera

CVM si mulingo wosalakwa. Mu 2009 ofufuza a ku University of Iowa anapereka zithunzi zofanana kwa madokotala 10 owongola mano. Madokotalawo anagwirizana pa zithunzi zosakwana theka, ndipo dokotala yemweyo akapatsidwanso chithunzi chomwecho pakapita milungu, ankabwereza yankho lake loyamba pa zithunzi pafupifupi 6 zokha mwa 10 zilizonse. Kuona kukumbika kwa kunsi kwa fupa n'kosavuta. Chovuta ndi kugamula ngati fupa lasiya kukhala njerwa yogoneka n'kufika pa mbali zofanana. Mutu ukapendekeka pojambula, maonekedwe a mafupa amasinthanso. Chithunzi chimodzi chimasonyeza gawo limene mwana ali, koma sichinena kuti wakhalamo kwa miyezi ingati.

Tikumbukirenso kuti magawowa anakonzedwa kuchokera kwa ana a ku Michigan. Dongosolo la kusintha kwa mafupa, kuyambira C2 mpaka C4, ndi la thupi la munthu aliyense, koma nthawi imene mwana wopinimbira amakhala pa gawo lililonse ikhoza kutalika. N'chifukwa chake dokotala wosamala sadalira CVM yokha. Amaiphatikiza ndi mbiri ya kutalika kwa mwana ndi zizindikiro za kutha msinkhu.

Pali zinthu ziwiri zimene njirayi siyenera kugwiritsidwa ntchito. Choyamba, mwana asajambulidwe X-ray pofuna kungoona mafupa a m'khosi. Kutsogolo kwa khosi kuli chithokomiro, chimene sichifunika kuombedwa ndi cheza cha X-ray popanda chifukwa, makamaka mwa ana. Ubwino wonse wa CVM wagona poti imawerengedwa pa chithunzi chimene dokotala anachifuna kale. Chachiwiri, CVM sinena chaka chimene mwana anabadwa. Wina akakufunsani kuti mafupa a m'khosi atsimikize zaka za mtsikana pa mlandu wa ukwati wa ana, kapena za mnyamata pa mpikisano wa mpira, muuzeni kuti njirayi siinakonzedwere zimenezo. Kafukufuku wa ku Blantyre uja akusonyeza kukula kwa cholakwa chimene chingachitike.

Mbali yanu ku Dowa ndi ku Ntchisi

Pa kalembera wa 2018, boma la Dowa linali ndi anthu oposa 770,000 ndipo la Ntchisi oposa 317,000. Akatswiri owongola mano m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo chithunzi cha lateral cephalogram chimafuna makina apadera ogwira mutu pamalo amodzi, amene simungawayembekezere pa chipatala chaching'ono. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko ya umoyo wa m'kamwa. Zinthu zikusintha, koma kwa zaka zikubwerazi woyamba kuona mwana wa ku Khuwi kapena ku Chinthembwe adzakhalabe mlangizi wa zaumoyo, namwino kapena volontiya wa m'mudzi. Simudzawerenga CVM, koma zimene mungalembe ndi zimene zingathandize wowerengayo kuti asalakwitse.

Choyamba, yang'anani. Muuzeni mwana akhale mowongoka, alume mano akumbuyo, ndipo mumuone cham'mbali. Onani ngati chibwano chabwerera m'mbuyo kapena chatsogola, ndiponso ngati milomo ikukumana popanda kukakamiza. Ndi karula koyera, yezani mtunda kuchokera kutsogolo kwa dzino lam'munsi kufika kunsonga ya dzino lakumwamba. Tumizani mwana ngati mtundawu ukuposa mamilimita 6, ngati mano am'munsi ali kutsogolo kwa akumwamba, ngati mano akutsogolo sakumana n'komwe moti mwana amalephera kuluma chimanga chowotcha, kapena ngati mano am'munsi akulasa nkhama zakumwamba. Mpata wa pakati pa mano awiri akutsogolo, umene ambiri kuno amati n'kukongola, si matenda. Mano akumwamba ndi am'munsi onse akapendekera pang'ono kutsogolo koma akukumana bwino, zimenezo n'zofala pakati pa anthu a mu Africa ndipo sizifuna chithandizo.

Chachiwiri, yezani kutalika. Timayeza ana mokhulupirika mpaka zaka 5, kenako timasiya, pamene nthawi yofunika pa nkhani ya nsagwada imabwera zaka zingapo pambuyo pake. Mwana amene mwamuona kuti ali ndi vuto, muyezeni teremu iliyonse pa khoma lomwelo, wopanda nsapato, ndipo lembani tsiku ndi masentimita m'buku lake la kuchipatala. Asanathe msinkhu, mwana amatalika pafupifupi masentimita 5 kapena 6 pa chaka. Pa nthawi yokula mofulumira amafika 8 mpaka 10. Wopinimbira akhoza kuchepera pamenepa, choncho chofunika ndi kuona kuti liwiro lasintha. Makolo nawonso amadziwa: yunifolomu imene inasokedwa chaka chatha yafupika mwadzidzidzi.

Chachitatu, funsani za kutha msinkhu mwaulemu ndi mwachinsinsi. Kwa atsikana, msambo woyamba umabwera pafupifupi chaka chimodzi pambuyo pa nthawi yotalika mofulumira kwambiri. Mtsikana akayamba kusamba, ndiye kuti nthawi yabwino ya Class II ikutha, ndipo ulendo usachedwenso. Funsoli lifunsidwe ndi mayi mnzawo, pambali, osati pamzere wa sikelo: "Mayi, kodi mwanayu anakula kale? Mwezi wanji?" Kwa anyamata, mawu akayamba kusintha ndiye kuti ali m'kati mwa nthawi yokula mofulumira.

Chachinayi, samalirani zimene zingapewedwe. Mwana amene akuyamwabe chala pamene mano achikulire ayamba kumera amakankhira mano akumwamba kutsogolo. Wopumira pakamwa nthawi zonse ndi wochita mkonono usiku ayenera kuonedwa mphuno ndi kukhosi. Mano a ubwana akawola n'kuzulidwa msanga, achikulire amasowa malo. Ndipo palibe dokotala amene angaike chipangizo m'kamwa momwe muli mano owola ndi nkhama zotuluka magazi, choncho kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira okhala ndi fluoride ndi gawo la kukonzekera.

Chachisanu, lembani kalata yabwino. Njira ndi yodzera kwa dental therapist wa pa chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi, amene angagamule zotumiza mwana ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chapakati. M'kalatamo mulembe tsiku lobadwa ndi kumene mwalipeza, kaya m'buku la kusikelo kapena pakamwa pa makolo. Miyezo yonse ya kutalika ndi masiku ake. Mamilimita amene munayeza pa mano. Za msambo kapena kusintha kwa mawu. Ndiponso ngati mwanayo anadwalapo matenda a kunyentchera kapena matenda ena okhalitsa.

Zimene siziyenera kudikira

Si kusintha kulikonse kwa nsagwada kumene kuli nkhani ya kukula. Chotupa cha m'nsagwada chimene chikukula m'masiku kapena milungu yochepa, mano n'kumagwedera opanda chifukwa, chikhoza kukhala khansa ya Burkitt, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana m'dziko muno ndipo imamva mankhwala ikapezeka msanga. Kutupa kwa tsaya kobwera ndi kutentha thupi, chilonda chonunkha cha m'kamwa mwa mwana wonyentchera, ndi kulephera kutsegula pakamwa pambuyo pogwa mumtengo kapena pangolo, zonsezi zipite kuchipatala tsiku lomwelo. Nkhope imene ikupendekera mbali imodzi chaka ndi chaka nayonso iyenera kuonedwa ndi dokotala mosayembekezera kutha msinkhu.

Tibwerere kwa mayi aja pa sikelo. Yankho lawo silingachokere pa zaka zokha. Mukhoza kuwauza kuti, "Mayi, tiyambe tamuyeza mano ndi msinkhu lero, tilembe m'buku, ndipo mupite naye kwa a mano ku boma mwezi uno kuti amuone. Iwo ndi amene anganene ngati nthawi ya ku Lilongwe yakwana. Pakadali pano tizimuyeza teremu iliyonse, ndipo mukaona kuti wayamba kutalika mofulumira mudzandiuze msanga." Tsiku limene dokotala adzaike chithunzi cha mwanayo pa kuwala n'kuyang'ana C2, C3 ndi C4, manambala anu a pa khoma la sukulu adzakhala pambali pake, ndipo ziwirizi pamodzi n'zimene zidzagamule ngati chithandizo chiyambe tsopano kapena chaka chamawa.